Chikho cha Bishai

Chinthu chokongola sachiika padzuwa. Mwana wonenepa samuonetsa kwa alendo, njati yamkaka saiyamikira pamsika, ndipo chikho chimene chakhala m'kabati zaka zonsezi sachitulutsa Lachinayi madzulo kuti mtsikana wa ku Cairo achijambule. Diso la munthu limaswa mwala. Tafida, amake Ayad, ananena zimenezi katatu konse pabwalo la tchalitchi, koma ndani amamvera nkhalamba yosadziwa ngakhale kulemba dzina lake?

Tchalitchi chathu chilibe zithunzi za oyera mtima, chilibe lubani, chilibe makandulo. Amishoni amene anabwera pa bwato mu Nile nthawi ya azigogo anati Mawu okha akwanira, ndipo mabanja asanu ndi awiri amene anachoka kwa Aothodokisi n'kuwatsata anaona zakuda: abale anasiya kuwapatsa moni, ana awo aakazi anasowa owakwatira. Akazi ndiwo anasenza njerwa pamutu kuchokera ku ngalande. Chonyezimira m'nyumba yonseyo chinali chimodzi basi, chikho cha siliva cha mgonero. Anachipereka Bishai, agogo ake a Tafida, atasinthanitsa ndi njati yake yoweta yokhayo.

Tsopano tchalitchi chinali kukwanitsa zaka zana limodzi ndi makumi atatu, ndipo akulu a mpingo anaitana wojambula, dzina lake Nermin. Iye anati adikira dzuwa lipendeke, chifukwa nthawi imeneyo kuwala kumalowa pa zenera lakumadzulo n'kugwera ndendende patebulo la mgonero. Ayad, mwana wa Tafida, bambo wa imvi kale amene wasunga makiyi a tchalitchi zaka makumi awiri, anatulutsa chikho n'kuchiika pamenepo. Nermin anaimika kamera yake ya miyendo itatu kumbuyo kwa mabenchi a amuna, ndipo onse anatuluka kukajambulidwa pakhomo ndi kamera ina.

Atabwerera, adhana yoitanira anthu ku swala ya madzulo itangotha kumzikiti, patebulo panali nsalu yoyera yokha.

"Makiyi ali ndi ndani?" anafunsa Magdi, mkulu wa mpingo wamng'ono pa onse koma wa mawu aakulu. Magdi ameneyu ndi mwana wa a Fahim ndi Damiana, a nyumba ya geti lobiriwira.

Onse anatembenukira kwa Ayad. Maso onse anali atayankha kale.

"Mawa dzuwa likapendeka akulu tikumana," anatero Magdi. "Chikho chikapanda kuoneka, nkhani ipita kupolisi. Sindikutchula munthu ayi."

Kupolisi munthu amalowa ndi dzina, amatuluka alibe.

*

"Unali kuti?" Tafida anamufunsa mwana wake m'mawa mwake, tiyi akuzizira pakati pawo.

"Amayi, nanunso?"

"Ine ndiye woyamba. Ndinakubereka, ndikufunsa. Pa chithunzi sunaime nafe."

"Mtsikana uja anandituma makwerero. Anati akufuna kujambula mtanda wa padenga. Ndinapita kuseri, ndinapeza makwerero atapanidwa ndi mitolo ya nzimbe, ndinalimbana nawo."

"Anakuona ndani?"

"Bulu wa abusa."

"Seka. Useke bwino, ukasekanso m'chitokosi. Zitseko unatseka?"

"Cha kutsogolo munaima inu nonse. Cholowera amayi a mpingo, cha m'mbali, ndinachisiya chotsegula. Nermin anati mpweya uzilowa, fumbi lizioneka m'kuwala."

"Fumbi!" Tafida anadzimenya pachifuwa. "Mwana wanga apita kundende chifukwa cha fumbi! Ndinakuuza, usamamvere akazi ovala mathalauza. Ndinakuuzanso, usamayende wekha popanda mboni, ngakhale kuchimbudzi. Iwe phee."

Anafunda nsalu yake yakuda n'kutuluka.

*

Nermin anagona kunyumba ya abusa. Tafida anamupeza pakhonde, tsitsi lili nyankhalala, kompyuta pamiyendo.

"Agogo, ndauza kale akulu aja, nkhope palibe. Ndayang'ana mpaka maso kuwawa."

"Ndionetse ine."

"Simuona kanthu, komabe khalani. Mukudziwa, madzulo kuwala kumachepa, ndiye diso la kamera ndimalisiya lotsegula nthawi yaitali, litseke lokha, litsegulenso lokha. Chimene chaima chimaoneka. Chimene chikuyenda chimasungunuka ngati utsi. Onani, ichi choyamba."

Tafida anaona ndipo mtima unamupweteka. Chikho cha agogo ake chinali kuyaka ngati khala, makoma akale ali psuu, mabenchi ali duu mumdima, ndi thabwa lalitali lija logawa amuna ndi akazi. Sanadziwe kuti malo amene wakhalamo moyo wake wonse ndi okongola chonchi. Analavula pang'ono kumbali, kuthamangitsa diso.

"Ichi chachiwiri. Mwaona kautsi aka pafupi ndi tebulo? Ameneyo ndi munthu. Mwamuna, mkazi, chiwanda, sindikudziwa. Chachitatu, chikho palibe. Basi."

"Bwerera."

"Agogo, ndakuuzani..."

"Bwerera, mwanawe, usandiphunzitse kuona. Apo pansi, pa sitepe yokwerera kutebulo. N'chiyani icho?"

Nermin anakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri. "Masilipasi. Akuda, a labala. Aliyense m'mudzi muno ali nawo. Mwina anaiwala wosesa."

"Pa choyamba alipo?"

Panalibe. Pa chachitatunso panalibe.

"Ndiye wakubayo anavula kuti asamveke," anatero Nermin.

"Asamveke ndi ndani, m'nyumba mopanda munthu? Labala amalira? Ndipo taona mmene awaikira. Pamodzi, molunjika, ngati ana awiri ogona." Tafida anayang'ana Nermin. "Iwe umapemphera kuti?"

"Ine, agogo, Lachisanu ndimagona."

"N'chifukwa chake. Ife sitivula nsapato m'tchalitchi. Abusa amakwera sitepe imeneyo ndi matope a kumunda. Amene amavula asanakwere kuguwa ndi Aothodokisi. Amaphunzira ali makanda, miyendo imachita yokha mutu usanaganize."

"Eee! Ndiye mumpingo mwanu obadwira kumeneko alipo angati?"

Tafida anaimirira msanga mpaka bondo linalira. Woyamba kumubwerera m'mutu anali mkazi amene amadya naye mbale imodzi.

*

Marsa, mkazi wa Ayad, anali kusadzula denje pakhomo. Anabadwira ku Othodokisi tsidya la ngalande, ndipo kuyambira tsiku limene analowa m'nyumbayi Ayad anasiya kunena kuti denje la amayi ake ndilo lokoma. Tafida sanaiwale zimenezo. Mpongozi ndi ngati moto wa m'khitchini: umaotha, koma usaugonere pafupi.

"Dzulo pa chithunzi sunalipo."

"Simunandiitane, Amayi. Munati nkhope yanga ndi yautsi."

"Unali kuti?"

"Kwa Hajja Nafisa, kuphika buledi. Bwanji?" Marsa anaimitsa mpeni. Anayang'ana apongozi ake nthawi yaitali, maso n'kudzaza. "Mwati ndine? Ndibe chikho kuti mwamuna wanga amangidwe? Zaka makumi awiri ndi zisanu ndakutsukani msana, Amayi."

"Sindinanene kanthu."

"Maso anu anena. Pitani mukafunse. Pitani!"

Tafida anapita, ndipo anapita ndi mtima wa pawiri, Mulungu amukhululukire. Theka linkapemphera kuti asakhale Marsa. Theka lina, laling'ono, lakuda, linkafuna kuti Ayad aone yekha.

Hajja Nafisa, Msilamu woyandikana ndi tchalitchi, anali padenga la nyumba yake, mikate yaiwisi itandandalikidwa padzuwa kuti itupe. Mkazi ameneyu sayankhula, amafuula.

"Amake Ayad! Kwera, kwera, usaponde buledi wanga! Marsa? Anali nane kuyambira masana mpaka nditamaliza kuswali. Manja ake anali mu ufa mpaka m'zigongono. Akanaba chikho chikanakhala choyera ngati mzukwa! Iwe, mpongozi wotere ukanandipatsa ine. Wanga amaotcha ngakhale madzi."

"Pa chitseko cha amayi sunaone munthu?"

"Ndinali kuyang'ana uvuni, mlongo wanga, osati Akhristu. Koma ndinakuona iwe! Pakati penipeni pa chithunzi, pafupi ndi abusa, chifuwa patsogolo ngati nkhukundembo. Ndinati, lero dziko latha, Tafida waima pamalo pa Damiana!"



Zinali zoona. Pa ukwati uliwonse, pa ubatizo uliwonse, pakati pamaima Damiana, ndi ndolo zake zagolide ndi timapazi take ta nkhunda. Dzulo malowo anali opanda munthu, ndipo Tafida, yemwe amaopa kamera ngati njoka, anadzikankhira pomwepo, mtima uli nyaa ngati wamwa madzi a nzimbe. Anakondwa kwambiri moti sanafunse kuti mwini malo ali kuti. Nsanje ndi yoipa, ana inu. Imakupatsa maso anayi pa ndolo za mnzako, n'kukuchititsa khungu pa china chilichonse.

Ndipo Damiana naye anabadwira kuti? Anthu anaiwala, chifukwa anakhala Mpulotesitanti woposa amishoni, wodzudzula aliyense wopezeka ndi kachithunzi ka Maria m'chikwama. Koma Tafida sanaiwale. Angaiwale bwanji? Fahim anali woti akwatire iyeyo. Makolo anali atamwa kale tiyi pa nkhaniyo. Kenaka Fahim anapita ku chikondwerero cha kunyumba ya amonke kuphiri, kukagulitsa tirigu, n'kubwerako ataona Damiana, mwana wa wansembe wa Aothodokisi.

"Magdi akuti amayi ake sanachoke pambali pa bambo ake odwala," anatero Tafida pang'onopang'ono.

"Mwina. A Fahim atha, mlongo wanga. Akuti sakudziwanso munthu, ndipo madzi akukana." Nafisa anayang'ana uku ndi uku, n'kuyesa kunong'ona, mawu ake n'kumveka mpaka kumsewu. "Usauze munthu. Sabata yatha Damiana anabwera kuno, nsalu mpaka m'maso, kudzapempha kadontho ka madzi opatulika a Zamzam amene ndinabwera nawo kuchokera ku Makka. Damiana! Ndinamupatsa. Anati nawonso a Fahim analavula."

Tafida anatsika masitepe osatsanzika.

*

Zaka makumi anayi ndi zisanu anali asanalowepo pa geti lobiriwira. Ankalidutsa akuyang'ana kumbali, koma ankadziwa zonse za mkati: matailosi, firiji yaikulu, mtengo wa mandimu. Lero analowa osagogoda. Pakhomo la chipinda chamkati panali masilipasi akuda a labala, aang'ono ngati a mwana, oikidwa pamodzi molunjika.

Damiana anatuluka n'kutseka chitseko kumbuyo kwake. Ndolo analibe. Tsitsi linali loyera, losapesa. Tafida anadabwa kuona kuti mdani wake wakalamba.

"Amake Ayad. Mwasochera?"

"Ndabwera kudzaona odwala."

"Akugona."

"Ndiye ndidikira. Ndadikira zaka zambiri, sinditopa." Anakhala pampando wa veleveti osauzidwa. "Dzulo tinakusowa pa chithunzi."

"Ndamva kuti malo anga sanazizire."

"Anali otentha bwino. Koma usadandaule, unajambulidwa ndithu. Nkhope ayi, mapazi. Kamera ija inatsala m'kati ikugwira ntchito yokha." Analoza pakhomo ndi chibwano. "Mwana wa wansembe amaba, koma sakwera kuguwa ndi nsapato."

Damiana anagwira khoma. Sanakane. Anangoti, "Wasangalala?"

"Mwana wanga sanadye kuyambira dzulo. Magdi wako akufuna kumupereka kupolisi, iwe uli chete m'nyumba ya matailosi. Unatenga Fahim, sindinalankhule. Unatenga benchi ya kutsogolo, unatenga utsogoleri wa amayi, sindinalankhule. Chikho cha agogo anga chokha ndicho ndinali nacho choposa iwe. Nachonso?"

"Ndimati ndibweza Lamlungu lisanafike."

"Lamlungu Ayad adzakhala atagona pa simenti masiku awiri!"

Mkatimo munamveka kutsokomola. Damiana anatsegula chitseko. "Lowa uone. Kenaka ukaitane apolisi ako."

Fahim, amene kale ankanyamula thumba la tirigu ndi dzanja limodzi, anali katsalira chabe pansi pa bulangeti. Milomo yake inali yong'ambika. Pa katebulo panali makapu a galasi, kapu ya dothi, botolo la mwana, sipuni, zonse zodzaza. Pakati pa izo panali chikho cha Bishai.

"Masiku asanu ndi atatu akukana madzi," anatero Damiana. "Dokotala anamubaya madzi m'mitsempha, anazula. Ine amanditcha namwino, amati ndikufuna kumupha. Mwana wake samudziwa. Ndinayesa mafuta a kwa amonke, ndinayesa madzi a Nafisa, ndinayesa zonse zimene ndakhala ndikunyoza anthu. Ndikanapempha akulu chikho, akanati Damiana wabwerera ku zamakolo ake. Magdi yemweyo akanayamba. Tsono taona."

Anathira madzi m'chikho n'kuchiika m'manja mwa mwamuna wake. Zala zouma zija zinachizungulira zokha, monga zinachitira Lamlungu la mgonero lililonse kwa zaka makumi anayi pamene Fahim ankachinyamula benchi ndi benchi. Maso ake anayera. Anachikweza pang'ono.

"Imwani nonse," ananong'ona. Ndipo anamwa. Kholingo linakwera, linatsika. Anamwanso.

Kenaka anachita monga amachitira nthawi zonse: anayang'ana woti amupatse. Maso ake anadutsa pa mkazi wake ngati akudutsa pa kabati, n'kuima pa mlendo.

"Tafida," anatero momveka bwino. "Mdzukulu wa Bishai. Landira."

Tafida anali atalota mphindi yotere kuyambira ali namwali: Fahim kumutchula dzina Damiana akumva. Anayang'ana Damiana kuti aone nkhope imene wakhala akuifunafuna moyo wake wonse, ndipo anaiona. Inali nkhope yake yomwe, imene amaiona m'madzi a mumtsuko.

"Iwe wakudziwa," anatero Damiana. "Ine ndamusambitsa, ndamupukuta, ndamuberekera ana asanu. Iwe wakudziwa. Ndipo ukudziwa kuti pa ukwati wanga apongozi anandiuza chiyani? Anati, ukanakhala wa magazi a Bishai. Ndaima pakati pa zithunzi zonse zija kuti mwina andiwerengere."

Tafida analandira chikho. Madzi anali ofunda, a mumpopi, osakoma konse. Chinthu ukachilakalaka zaka zambiri chimafika chitasasa, kumbukirani zimenezo. Anapukuta mkombero ndi nsalu yake monga amachitira pa benchi ya amayi, n'kutembenukira kumanzere.

"Chikho sichiima pa munthu mmodzi. Imwa, ndiwe wotsatira."

Damiana anamwa akulira.

"Tsono pukuta mamina," anatero Tafida. "Sindinakukhululukire. Chikho chikhala pano mpaka iye asiye kuchifuna, ndipo ndikufuna ndione mkulu wa mpingo amene angatsutse mdzukulu wa mwini njati. Koma dzina la mwana wanga unalidetsa ndiwe, ukalichapa ndiwe. Ndi pakamwa pako, pamaso pa Magdi wako."

"Andiseka mudzi wonse."

"Akuseka. Ine ndiyamba."

*

Dzuwa litapendeka akulu anakhala kutsogolo kwa tchalitchi, abusa pakati, Ayad ataimirira ngati nkhosa ya pa chikondwerero. Marsa anali pakhomo, maso ofiira. Tafida podutsa anamugwira mkono. "Denje lija usaliwotche," anatero. Pepani wake anali yemweyo, ndipo Marsa anamumva.

Magdi anali atangotsegula pakamwa pamene chitseko cha amayi chinalira. Damiana analowa, wopanda ndolo, n'kuyenda pakati pa mabenchi kulunjika kumene amuna akhala. Kuwala kwa zenera lakumadzulo kunali kutagwera kale pa tebulo lopanda kanthu.

"Amayi, mukufuna chiyani kuno?" anatero Magdi. "Bambo ali ndi ndani?"

"Khala pansi, mwana wanga. Musiyeni Ayad. Chikho ndinatenga ndine."

Anafika pa sitepe. Anaima. Ndipo pamaso pa abusa, pamaso pa akulu onse, mkazi amene anadzudzula theka la mudzi chifukwa cha miyambo yakale anavula masilipasi ake, n'kuwaika pamodzi molunjika, n'kukwera kukanena zonse.

Tafida anakhala pa benchi yake yachitatu, akumva mwana wake akupuma ngati munthu wovuulidwa m'ngalande. Anafuna kuthokoza Mulungu ndi mtima woyera. Anayesetsa ndithu. Koma maso ake anatsikira pa sitepe paja, ndipo anatsonya chamumtima.

Zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi zitatu, wakuba, wosapesa, wochititsidwa manyazi, koma timapazi tija tinali tikadali tokongola.